Kukatenga Asiyatu Popanda Nkhoswe

Usiku watha ndinalota ndikuyenda ulendo uja ndinakulonjezani dzulo pa bawo, uja ndinati palibe mwamuna wina m'Malindi muno angauyende koma ine Fakisoni. Mawu anga mukuwakumbuka, chifukwa ndinawalankhula nditaimirira pa benchi. Ndinati ndinyamuka tambala woyamba, ndekha, wapansi, kutsata mchenga wa m'mbali mwa nyanja mpaka ku malire a Mozambiki, kwawo kwa mkazi wanga Asiyatu. Ndinati matola sindikwera, nkhoswe sinditenga, ndipo ndikakafika sindikagwada. Ndikangoima pabwalo, apongozi akaona fumbi la miyendo yangayi, akamumangira okha katundu mwana wawo. Inu a Sitola munaseka mpaka kumwaza nkhomo za bawo. Inu a Layitoni munati miyendo yanga imadziwa njira imodzi yokha, yochoka ku shedi yanga yometera kupita kwa mayi wa kachasu. Chabwino. Zimene mwamva m'mawa uno kwa amayi a ku mjigo zisiyeni kaye, mumve kwa mwini wake.

Kwa amene sakudziwa chimene chinachotsa Asiyatu pakhomo, nkhani yake ndi yaing'ono. Pa ukwati wa mng'ono wake ndinaonetsa anthu mmene amayendera a kumalire, mwendo wina ku Malawi, wina ku Mozambiki, chiuno chosadziwa dziko lake. Ndinatengera kayendedwe ka apongozi anga aakazi chifukwa ndiko kamaoneka bwino patali. Anthu anagwa ndi phwete. Palibe anandiuza kuti eni kayendedweko aima kumbuyo kwanga ndi beseni la mpunga. M'mawa mwake Asiyatu anakwera lole ndi mayi ake, mwana wathu Tawina kumsana, n'kusiya mawu akuti wofuna kumuonanso abwere ndi nkhoswe. Tsono nkhoswe wanga ndi malume Bizaliyele, ndipo malume akayamba kulangiza munthu, nkhuku zimalowa m'khola, kutuluka, kulowanso, iwo akadali pa mfundo yoyamba. Ndiye ndinati ayi, ndipita ndekha. Komanso nthawi yocheza ndinalibe, chifukwa zamveka kuti kumeneko kuli bambo wina wamasiye, mwini injini ya boti, amene wayamba kutumiza kampango kwa apongozi anga. Mwamuna satumiza kampango kwa apongozi a mnzake chifukwa cha chifundo.

Ndiye m'malotomo ndinanyamukadi. Tambala atangolira, dzuwa linalumpha mpaka paliwombo, mchenga n'kutentha moti ukanakazinga mtedza. Kumanzere nyanja, kumanja mabango, pakati ine, chikwama kumsana, chifuwa patsogolo. Ndisanapitirire ndi pa doko pomwe, ndinamva mawu kuchokera pansi.

"Akulu, tikupita kuti?"

Ndinayang'ana. Inali silipasi ya kumanzere.

"Kukatenga mayi wa pakhomo."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

"Ndiye nditsitseni pompano," inatero. "Ife anatigula ndi Asiyatu pa tsiku la msika. Pa mlandu uwu ine ndine wa kuchikazi. Sindingapondedwe ndi wolakwa."

Ya kumanja inati, "Usatero m'bale wanga, tinabwera mu jumbo limodzi."

"Iwe khala wa kuchimuna, uone ngati kumadyedwa ndiwo."

Mwadzidzidzi ya kumanzere ija inavuka yokha n'kuyamba kuthamanga m'mphepete mwa madzi, phya phya phya, kukanena kuti ndikubwera. Ndinatsala ndi imodzi, phazi lina likupsa, lina lili pa mtendere, monga zimakhalira m'mabanja ambiri.

Ndiye ndinayenda. Amwene, gombe ndi lalitali ukakhala wopanda womunamiza. Ndinayesa kuimba, nyimbo inatha. Ndinayesa kudziuza nthabwala, koma zonse ndinali nditazimva kale. Kenaka ndinazindikira kuti mafunde akulankhula, kungoti ndi amiseche osamaliza nkhani. Funde limabwera mothamanga mpaka pa phazi, n'kunena kuti, "Akuti Asiyatu dzulo," kenaka n'kubwerera. Lina limabwera, "Akuti bambo wa injini uja," n'kubwereranso. Ndinalithamangira limodzi mpaka madzi m'chiuno kuti limalize, ilo linati, "Ine ndangomva kwa mnzanga wa m'mbuyoyu," mnzakeyo n'kundimenya kumaso.

Mwadzidzidzi ndinali pa gombe lina lopanda munthu, koma thandala la usipa kuyambira pamene ndinaima mpaka kumene maso amathera. Usipa wonse woyanika, wouma gwa, koma maso ali tong'o. Nditangoyandikira unatembenuka wonse pamodzi.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

"Ndaswera, kaya inu?"

"Taswera, kungoti tauma. Ena aja ali m'mbuyo?"

"Ena ati?"

"Okulankhulirani."

"Ndili ndekha."

Usipa unayang'anana. Kenaka kamodzi kakang'ono ka kumapeto kanati, "Pepani," thandala lonse n'kulandira, "Pepani, pepani," ngati ndafika pamaliro anga omwe. Ndinati inu musandimvere chisoni, mawa muli m'mafuta. Kausipa kaja kanati, "Inde, koma tilowamo tonse."

Pomwepo pansi pa thandala panatuluka bwana wa za nsomba, yunifolomu yosita bwino, khosi lalitali pang'ono kuposa la munthu wamba. Anandigwira vesiti n'kulowetsa chala m'zibowo zake.

"Maso a ukonde uwu ndi aang'ono. Mumagwira nawo chiyani?"

"Ndi vesiti, bwana."

"Onse amatero. Mkazi ali kuti?"

"Ndikukamutenga."

"Anapita kapena anathawa?"

"Anapita mofulumira."

"Ndiye simukudziwa kuti ino ndi nyengo yotseka? Amuna othawidwa saloledwa pa gombe. Mumausa moyo kwambiri, chambo chimadzidzimuka n'kulavula ana."

Ndinamuuza kuti ine ndayenda, Joni ndinafika, Tete ndinagonako, koma lamulo lotere sindinalimvepo. Iye anati ndi latsopano, lafika m'mawa womwe uno, likadali lotentha. Akulankhula choncho khosi linkangotalika, mphuno n'kusongoka, mwendo umodzi n'kuupindira m'mimba, ndipo pofika pa mawu akuti boma anali kakowa wathunthu, woyera mbuu, chipewa chokha chili pamutu. Anatola kausipa kaja kanandinyoza n'kukameza. Anati akusunga umboni.

Ndiye tinamvana ngati anthu akuluakulu. Anati ndidutse, koma ndiyende chafutambuyo, kuti akabwera mabwana ake aone mapazi a munthu womvera amene wabwerera kwawo.

Kuyenda chafutambuyo kuli ndi vuto limodzi: umaona kumene wachokera. Ndiye ndinaona kuti Malindi sakuchepa. Ine ndikayenda, iye akutsata. Patsogolo penipeni panali shedi yanga yometera, ikukwakwaza malata pa mchenga, inu a Layitoni muli pa mpando, mutu wometedwa theka, mukufunsa kuti ndimaliza liti chifukwa muli ndi msonkhano ku tchalitchi. Ndinatola mwala kuti ndiigende, galasi lometera n'kunena kuti, "Gendani pano, mudzione muli ambiri, mwina pagulupo papezeka nkhoswe." Ndinauponya dala pambali, magalasi akwera mtengo masiku ano. Shedi inatopa n'kukhala pansi, ine n'kutembenuka, liwiro.

Mwadzidzidzi mchenga unatha. Ndili pamene mtsinje umathira m'nyanja, madzi ofiira, akuya, ng'ona zitandandalika tsidya ngati anthu odikira basi. Pafupi panali bwato lakale la chigamba cha lata, nkhafi ili m'kati. Ndinati ndikwere, bwato n'kusendera.

"Ndimanyamula awiriawiri," linatero. "Wolakwa kumbuyo, womulankhulira kutsogolo. Mmodzi yekha ndimapendekeka."

"Tilipo awiri. Ine ndi chithunzithunzi changa."

Tonse tinayang'ana pansi. Panalibe. Chinali chitakhala patali pansi pa mgwalangwa, chikudzikupiza ndi tsamba. Ndinachikodola, icho chinati, "Ine za m'banja sindilowerera. Tsiku lija ndinayenda nanu kayendedwe kaja chifukwa ndinalibe kothawira."

Ndiye bwato linandimvera chisoni n'kunena kuti njira ilipo. Lamulo limaletsa bwato kunyamula munthu mmodzi, koma sililetsa munthu mmodzi kunyamula bwato. Ndinalisenza pamutu n'kulowa m'madzi mpaka m'khosi, ilo lili pamwamba likuuza ng'ona kuti zipatuke, pakudutsa bwato. Ng'ona zinapatuka mwaulemu. Imodzi inandinong'oneza kuti, "Mukadzabwera opanda katunduyu tidzacheze." Titafika tsidya bwato linati ndimapalasa moipa, lachita chizungulire, ndipo silidzandikweranso.

Ndikufinya vesiti, ndinamva tu-tu-tu pa nyanja. Kuyang'ana, injini ya boti, yokhayokha, yopanda boti, ikudula mafunde itavala tayi. Pamwamba pake patakhala kampango wonenepa, wodzola mafuta onunkhira, ndevu zopesa. Ndinadziwa pomwepo kuti ndi katundu wa bambo wamasiye uja.

"A Fakisoni, wawa," inatero injini. "Wapansi?"

"Ndikulimbitsa thupi."

"Zabwino zimenezo. Ife tatumidwa kwa mayi aja a kumalire, tikafunsire mbeta."

"Kumeneko kulibe mbeta. Kuli mkazi wanga."

"Ife tamva kuti mwini wake sanatumize munthu."

"Nanga inu mwatumiza ndani?"

"Ine," anatero kampango, akusisita ndevu. "Ndine nkhoswe. Ndimalankhula pang'ono, ndikamaliza amandidya. Nkhoswe wotere apongozi samubweza."

"Tikakuperekerani moni," inatero injini, n'kundisiyira utsi.

Apa mpamene ndinathamanga, amwene. Makanjira ndinamudutsa anthu osandiona, anangoona fumbi n'kuyamba kuanula zovala. Ndinalumpha maukonde, ndinalumpha ana osamba, ndinalumpha gogo wina amene pambuyo pake anati zikomo, mphepo yanu yandithandiza. Ndiye mawondo anayamba kulankhula.

"Bwana," linatero bondo lamanja, "mchenga wa pano ndi wofewa. Tiyesereko pang'ono, palibe akuona."

"Kuyesera chiyani?"

"Kugwada. Chichokereni tsiku la ukwati wanu sitinagwirepo ntchito."

"Ndinalumbira pa bawo."

"Panalumbira ndi pakamwa," linatero lamanzere. "Ife sitinafunsidwe."

Ndinaona kuti awa akandichititsa manyazi pa anthu. Ndinathyola mabango n'kuwamangirira ku miyendo ndi malekeni a chubu cha njinga, kuyambira m'ntchafu mpaka m'kakolo, kuti bondo lisapinde ngakhale litafuna. Ndiye ndinayambanso kuyenda. Mwendo uwu kuuponya uko, uwo kuuponya uku, chiuno chikubwera pambuyo mochedwa. Ndinamva kuseka. Pa miyala panali anyani atakhala m'mizere, aakazi uku, aamuna uku, ena atavala zitenje zofanana ngati a komiti ya ukwati. Nyani wamkulu anagwira pamimba, misozi ili mbwee.

"Bwerezani, achimwene, bwerezani. Amenewo ndi mayi ake a Asiyatu enieni."

"Ayi, uku ndi kuyenda kwanga."

"Ndiye mwawaposa."

Ndinacheuka msanga kuona ngati kumbuyo kuli munthu wa beseni. Kunali mbuzi yokha, koma mmene inandiyang'anira ndinadziwa kuti ikanena.

Mwadzidzidzi ndinapunthwa pa mwala woyera wopaka laimu.

"Anthu amati odi," unatero mwalawo.

"Pepani. Ndinu ndani?"

"Ndine malire. Azungu anandikhazika pano n'kunena kuti dikira, tikubwera. Mpaka lero. Mbuzi za mayiko awiri zimadzikanda pa ine, palibe imene inathokozapo."

Pa mwalawo panamangidwa chingwe cha khonje chofika m'chiuno, chopita mpaka kukalowa m'nyanja. Tsidya la chingwe, pafupi moti ukhoza kupempha moto, panali nyumba ya apongozi. Masiku onse nyumbayi imakhala mbali yathu ino, koma m'malotomo inali itasamukira dziko la eni, akuti chifukwa cha ine. Pakhonde panali Asiyatu akupeta mpunga, atavala chitenje chija chobiriwira, kamlomo atakapinda monga amachitira akamadziletsa kuseka nthabwala zanga. Apa sindinama, amwene. Munthu ukhoza kuseketsa msika wonse, koma pali kuseka kumodzi kumene umakudikira ukafika kunyumba.

Ndinati ndilumphe chingwe, mabango n'kukana. Ndiye m'dzenje la mumchenga munatuluka bwana wa za malire, zipewa ziwiri pamutu, china chathu, china chawo. Ankayenda cham'mbali kutsata chingwe, akuti akapita kutsogolo walowa dziko la eni, akabwerera m'mbuyo wathawa ntchito.

"Cholinga cha ulendo?"

"Mkazi."

"Wolowa naye kapena wotuluka naye?"

"Wotuluka naye. Ndi uyo apoyo."

"Nkhoswe aime apa."

"Ndabwera ndekha, bwana. Wapansi, kuchokera ku Malindi. Taonani miyendoyi."

"Miyendo sitidinda." Anatulutsa chidindo m'thumba. "Ichi chimamenyedwa pa dazi la nkhoswe. Inu tsitsi muli nalo, komanso ndinu mwini mlandu."

Chidindo chinayasamula n'kunena kuti, "Inki yanga ndi yochepanso. Sindingaitayire pa munthu wodzituma yekha."

Ndinayamba kufotokoza za ufulu wa munthu, umene ndinaumva pa wailesi, koma ndikuyang'ana maso a bwanayo anatuluka n'kuima pa timitengo, dzanja lamanja n'kusanduka chopanira, miyendo n'kuchuluka. Inali nkhanu, yaikulu ngati beseni, ndipo ntchito inkaigwira bwino kuposa poyamba. Ndinaisiya n'kuitana kudutsa chingwe.

"Amake Tawina. Ndafika."

Asiyatu sanadzutse mutu. "Mwabwera ndi ndani?"

"Ndekha, monga mwamuna."

"Ndiye simunabwere," anatero, n'kuuzira mankhusu.

Ndipo zinali zoona, chifukwa kuyambira pamenepo palibe ankandiona. Nkhuku inadutsa pakati pa miyendo yanga osapatuka. Apongozi anatuluka ndi zochapa, akuyenda kayendedwe kawo kaja, ine maso pansi. Anafika pa chingwe, n'kuona mkono wanga umene ndinautambasula poitana, n'kuyanikapo chitenje chonyowa.

"Mtengo uwu wamera liti pano?" anafunsa. "Wokhota, koma poyanika pali apa."

Mkamwini sayankhana ndi apongozi maso ndi maso, ndipo mtengo sulankhula n'komwe, ndiye ndinakhala chete pawiri.

Koma mumandidziwa, nzeru sizindithera. Ndinavula silipasi ya kumanja n'kuiika pa mwala. "Bwana, nkhoswe wanga ndi uyu." Nkhanu inaizungulira, kuigogoda, n'kuona kuti pakati ndi posalala, pakutha, ngati dazi la munthu wamkulu. Inati ikuloledwa. Chidindo phaa. Silipasi inalowa, ine akuti ndidikire kunja kufikira nkhani itatha. Pa mkeka inapeza m'bale wake wa kumanzere atafika kalekale, akumwa tiyi wa mkaka.

Ndiye silipasi yanga inakonza kukhosi, ndipo mawu amene anatuluka anali a malume Bizaliyele.

"Tisanafike pa chimene tabwerera, ndiyambe ndi mmene agogo ake a mnyamatayu anachokera ku Ntcheu ndi mbuzi yopunduka. Imeneyo ikhala mbali yoyamba ya mfundo yoyamba."

Amwene, ndinaima. Chitenje chija chinauma, apongozi n'kuyanikapo china. Tsitsi linakula mpaka m'mapewa, wometa wopanda womumeta. Mbalame inamanga chisa m'khwapa mwanga, kuikira, kuswa, ana n'kuuluka. Tawina, amene anachoka kwathu akukwawa, anadutsa atavala yunifolomu ya sukulu. Anadutsanso ali ndi nkhwangwa, n'kufunsa kuti, "Agogo, mtengo uwu sitingawaze nkhuni?" Apongozi anati usiye, ndi wauwisi, ungofuka utsi. Mbuzi yopunduka ija inali isanafike ndi pa Balaka pomwe.

Potsiriza silipasi inati, "Mwachidule, mnyamatayu ndi wolakwa. Ine ndimakhala pansi pake, ndimadziwa kulemera kwa mwano wake." Ya kumanzere inati mwalankhula bwino achimwene. Zinagwirana chanza, n'kukakhala limodzi pakhomo, Asiyatu n'kuzivala. Ndinatsala wopanda nkhoswe, wopanda nsapato.

Mwadzidzidzi tu-tu-tu. Injini ija inatuluka m'madzi, n'kudutsa chingwe nkhanu itaimika chopanira pa chipewa. Anaipatsa mpando, uja sanandipatsepo ine chikwatireni. Kampango anatsika, anapereka moni, ananena kuti bwana wake ndi munthu wosaseka, sanasekepo chibadwireni, ndipo kayendedwe ka anthu sakuona chifukwa amangoyang'ana nyanja. Atatero anavula ndevu, n'kudzigoneka yekha m'poto, n'kudzithira mchere.

"Koma uyu ndiye nkhoswe," anatero apongozi, akusonkha moto.

Ndinaona Asiyatu akumanga mtolo. Tawina anali atabwereranso kukhala khanda, ali kumsana. Anayenda kulunjika pa injini, koma atafika pakati pa bwalo anaima, n'kuyang'ana ku chingwe, pamene ndinaima ine, maso ake n'kundipyola kukafika ku mchenga umene ndinadzera.

"Ndimayesa abwera," anatero motsitsa. "Ngakhale mochedwa."

Ndinakuwa kuti ndili pano, koma m'kamwa munangotuluka masamba.

Ndiye mwala wa malire unandinong'oneza. "Achimwene, mwaona pamene chingwechi chalekezera? Ana, mbuzi ndi anthu ogwada amadutsa pansi. Nkhanu siwafunsa, ndipo tsidyalo amaoneka."

Ndinayang'ana kumanzere, a Sitola kulibe. Ndinayang'ana kumanja, a Layitoni kulibe. Ndinati chimene bawo sinaone sichinachitike.

"Mawondo," ndinatero, "nthawi yanu yakwana."

Sanapinde.

"Mawondo, ndikulankhula nanu."

"Munatimanga nokha," linatero lamanja.

Ndinagwira malekeni kuti ndimasule, koma ndikakoka mfundo imodzi zimabadwa ziwiri. Mabango anali atamera mizu, akuphuka. Asiyatu anali atafika pa injini, akukonza chitenje kuti akhale.

"Chonde, abale anga, tinabadwa tsiku limodzi."

"Tipepeseni kaye," linatero lamanzere.

"Pepani."

"Osati choncho. Mogwada."

"Ndigwada ndi chiyani, poti ogwada ndinu?"

"Zimenezo mukanaganiza muli pa benchi paja."

Asiyatu anakhala pa injini. Apongozi anakweza mtolo. Kampango ali m'poto anatukula mutu n'kunena kuti ulendo wabwino. Chingwe cha injini chinadzikoka chokha, koma m'malo moti tu-tu-tu, injini inati kwee. Chinakokanso, kwee, kwee. Ndinati mwina mafuta atha, Mulungu ndi wamkulu. Kwee, kwee, kwee.

Ndinatsegula maso. Kwee, kwee, kwee. Munthu akukwecha poto ndi mchenga panja pa chitseko changa. Dzuwa linali litalowa kale pa zenera mpaka kukwera khoma. Ine ndili pa mpando pafupi ndi chitseko, pamene ndinakhala kudikira tambala, chikwama pamimba, miyendo pa tebulo.

Ndinasuzumira pa mng'alu. Asiyatu, mkazi wanga weniweni, akukwecha poto amene ndinamusiya ndi makoko chichokereni iye. Pakhonde mtolo wake, wosamasula. Pa mkeka apongozi, atafulatira nyumba. Pa chitsa malume Bizaliyele, jekete ili mbuu ndi fumbi la pamsewu. Masiku onsewa ine ndinkayesa ali ku dimba, osadziwa kuti anakwera matola osandiuza, nkhuku kukhwapa, kukalankhula zimene amalankhulazo mpaka anthu anatopa n'kuvomera kudzaona ngati mkamwini wasintha. Kumpanda amayi a ku mjigo anali atatula ndowa.

Ndinati palibe choipa. Ndituluke ngati mwamuna, chikwama kumsana, aone kuti andipeza ndili pa ulendo ndipo angondipulumutsa mtunda. Ndinakoka chitseko, ndinatsitsa miyendo, ndinadzuka, ndinaponya phazi. Phazi kulibe. Dzanzi, miyendo yonse iwiri, kuyambira m'chiuno. Ndinagwa pakhomo ndi mawondo, manja n'kugundana okha kutsogolo pofuna pogwira, phu, phu, ngati munthu wowomba m'manja mwaulemu.

Amayi a kumpanda aja anatukula makosi.

"Mwaona, asewere?" anatero malume kwa apongozi. "Ndinakuuzani ine. Mwanayu mwano uli pakamwa pokha, mawondo analeredwa bwino."

Ndinagwira chitseko kuti ndidzikoke, ndifotokoze kuti ndi dzanzi. Asiyatu sanasiye kukwecha, sanandiyang'ane n'komwe, koma kamlomo anali atakapinda.

"Bambo a Tawina, musadzuke," anatero. "Amayi akufunafuna magalasi m'chikwama mwawo, ndipo ine katunduyu sindimasula asanaone bwinobwino."